Miyezi 18 ndi vaneti yanga: injini ilibe mlandu, koma swichi ya chitseko cha kumbuyo ndaichotsa

Vaneti iyi ndinaigula mu Okutobala 2023, ya dizilo, ya zitseko zinayi, yoti ena anayamba ayendapo kunja isanafike kuno ku Lusaka. Nditayenda nayo miyezi itatu ndinkauza aliyense kuti ndilibe nayo dandaulo, ndipo alipo anzanga amene anagula zawo atamva mawu angawo. Lero padutsa miyezi 18, ndipo ndikuona kuti ndili nawo ngongole anthu amenewo. Chinthu chimene ndinkachitama kwambiri nthawi ija ndi chomwe chinatsala pang'ono kuvulaza anthu pamsewu.

Ntchito yanga ndi yonyamula tomato, kabichi ndi anyezi kuchokera kuminda ya ku Chongwe kupita kumsika wa Soweto, katatu pa mlungu. Nthawi yokolola ndimatsika Great East Road mpaka ku Petauke kukatenga mtedza kwa makolo. Kumbali ya injini ndilibe chonena. Mapiri a ku Manenekela imakwera ili ndi katundu osatentha, mafuta imamwa mwaulemu, ndipo zomwe ndasintha ndi zomwe aliyense amasintha pamisewu yathuyi: mabuleki, mashoki akumbuyo, matayala awiri. Basi.

Nkhani ili pa chitseko cha kumbuyo. Cha vaneti yanga sichinali cha chogwirira chokoka ngati zakale zija. Chinali ndi swichi yamagetsi yobisika pansi pa karabala, ukangodina loko amamasuka yekha, ndipo ungathenso kutsegula ndi rimoti. Ku Soweto m'bandakucha, manja onse ali ndi katundu, anyamata a mawilibala akukupanikiza, ndinkaona ngati ndapeza wantchito wina wosalipidwa.

Chomwe chinandinamiza ndi chilala. Mvula ya 2023 kulowa 2024 inadula, mpaka pa 29 Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chaka changa choyamba ndi galimotoyi chinali cha fumbi lokhalokha, ndiye swichi ija sinakumane ndi mdani wake weniweni. Zizindikiro zinalipo ndithu. Kawiri konse, nditachoka kokatsukitsa kumene amapopera ndi paipi yamphamvu ija, ndinamva kuti "kha" kumbuyo galimoto itaima pakhomo. Ndinapita, ndinakankha chitseko, chinagwira, ndinaiwala.

Mvula itabwera ndi mphamvu mu Januwale 2025, vaneti inkagona panja ikuvumbwa usiku wonse, masana n'kumawoloka zithaphwi za ku Kanyama. Tsiku limenelo tinapakira mabokosi a tomato kudakali mdima, ine ndi mwana wa mlongo wanga amene amandithandiza. Iye anatseka chitseko, ine ndinamva ndi makutu anga kuti chagwira. Tinaima pa Chongwe kuthira mafuta, kenako tinalowa mumsewu waukulu. Titangoyamba kukwera kamtunda, mnyamata uja anakuwa: "Amalume, imani! Chitseko chagwa!"

Mabokosi anayi anali kale pa tara. Kumbuyo kwathu kunali minibasi yodzaza anthu opita kutauni, ndipo dalaivala wake anaponda mabuleki n'kukhotera kumbali kumene kunkadutsa bambo wina pa njinga. Palibe amene anavulala. Tomato sindimuwerengera. Chimene chimandibwerera mpaka pano ndi nkhope za amayi aja zili pamawindo a minibasi.

Pomwepo pamsewu ndinam'kalipira mwana wa mlongo wanga pamaso pa anthu, ndikumunena kuti ndi waulesi, satseka bwino. Anangoti zii, n'kumatola tomato. Mawu amenewo ndinawabweza patapita masiku atatu, koma amandiwawabe.

Amene anandiwongola ndi mkulu wina wokonza zamagetsi a galimoto ku Garden. Anamasula chogwirira chonse, n'kundiitana. "Akulu, bwerani muone nokha. Mnyamata wanu musamuimbe mlandu." Karabala kaja kanali kataumiratu ndi dzuwa, kali ndi ming'alu ing'onoing'ono yosaoneka ukaima chapatali. M'kati munali madzi, ndipo timano ta mkuwa tinali titachita zobiriwira. Anandifotokozera kuti swichi yotereyi ntchito yake ndi kungolumikiza mawaya awiri. Chala chikadina, amalumikizana, kompyuta ya galimoto imamva kuti mwini wafuna kutsegula. Madzi a matope nawonso amapititsa magetsi, choncho akalowamo amalumikiza mawayawo okha, ndipo galimoto siingasiyanitse chala ndi dontho. Loko anamasuka pa nthawi imene tinaima pothira mafuta. Chitseko chinatsala chili chiimire chifukwa tenti imene tinafunditsa katundu inkachigwira, mpaka mabokosi atachikankha pamtunda paja.

Madzulo ake mwana wanga wamkazi anafufuza pa foni, ndipo zomwe anapeza zinandikwiyitsa kuposa ngoziyo. Vaneti yanga si ya makampani amene nditchule apawa, koma matenda ake ndi omwewo, ndipo kunja akudziwika kalekale. Mu Disembala 2019 kampani ya Ford inaitanitsa magalimoto a F-250, F-350 ndi F-450 a zaka za 2017 mpaka 2019, oposa 230,000 ku United States kokha, chifukwa madzi ankalowa m'mawaya a chitseko cha kumbuyo n'kuchitsegula. Mu Febuluwale 2024 General Motors inaitanitsa ma Chevrolet Silverado ndi GMC Sierra akuluakulu aja a 2500 ndi 3500, a zaka za 2020 mpaka 2024, oposa 323,000. Chifukwa chake: madzi olowa mu swichi ya kunja, shoti, loko n'kumasuka galimoto itaima pa giya ya Park, dalaivala n'kunyamuka osadziwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho anaitanitsanso ena oposa 132,000 a 2024. Eni ake analemberedwa makalata, anauzidwa kuti azionetsetsa kuti chitseko chagwira asananyamuke, ndipo swichi anakawasinthira kwaulere.

Ku United States bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, limalandira madandaulo a eni magalimoto, limafufuza, ndipo lili ndi tsamba pamene munthu amalemba nambala ya chasisi ya galimoto yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, n'kuona ngati galimoto yake inaitanitsidwapo. Nanga ife? Galimoto yadutsa m'manja atatu, yawoloka nyanja, yalowera pa Nakonde kapena pa Chirundu. Kalata yotereyi ingandipeze bwanji ine ku Chelstone? Amene anandigulitsa nditawabwerera anandiyankha mwaulemu kuti miyezi ya chitsimikizo inatha. Fitinesi nayo vanetiyi inali itapambana bwinobwino, ndipo oyeza sindiwada, chifukwa tsiku la dzuwa chitseko chimagwira ngati china chilichonse.

Pali chimene chimandipweteka ndikaganiza za opanga zinthu zimenezi. Chitseko cha kumbuyo kwa vaneti ndi malo amene amalandira zonse: mvula yochokera kumwamba, matope otayidwa ndi matayala, dzuwa la Okutobala, paipi ya otsuka. Kuika pamenepo kaswichi kodalira karabala kopyapyala, n'kukapatsa mphamvu yomasula loko amene wagwira katundu wolemera, ndi kusaganizira munthu amene akuyenda kumbuyo kwako. Kuno kwathu kumbuyo kwa vaneti sikukhala tomato yekha. Pamaliro timanyamula anthu, agogo atatsamira chitseko chomwecho, ana ali pamiyendo.

Mkulu wa ku Garden uja anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba, kugula swichi yatsopano, kupaka girisi wa zamagetsi pa pulagi, n'kumayang'ana rabala mvula isanayambe chaka chilichonse. Yachiwiri, kudula magetsi opita ku loko n'kuika chogwirira chokoka ndi dzanja. Ndinasankha yachiwiri, ndipo ndinapitanso kwa owotcherera ku Kalingalinga kuti andiikire mabawuti awiri otsekera, lina uku lina uku. Sizikongola, rimoti sitsegulanso kumbuyo, ndipo ku Soweto ndimayamba ndatula katundu pansi. Mvula ya Febuluwale ndi Malichi yonse yadutsa chitseko chisanasunthe.

Madzi anandipezanso pamalo ena aang'ono. Rabala wa nyali ya mabuleki ya pamwamba pa kabu anauma, ndipo kumbuyo kwa mpando kunayamba kununkha chinyontho. Izi zinatha ndi rabala watsopano, ntchito ya theka la ola.

Mukandifunsa ngati ndingaigulenso vaneti iyi, ndingaigule, koma tsiku loyamba lomwelo ndingapite nayo kukachotsa swichi imeneyo. Yakale ija sindinaitaye. Ili m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo ndikaona vaneti ya chitseko chamagetsi pamzere wotsitsa katundu ku Soweto ndimaitulutsa n'kuonetsa mwini wake timano tobiriwira tija. Mlungu watha mnzathu wina wonyamula mbatata anakanda karabala ka yake ndi chikhadabo ine ndili pomwepo, ndipo panatuluka madzi.