Sipika ya gulu la zisudzo la ana: miyezi 8 chiigulireni

Dzulo mnzanga wa ku Zomba anandifunsa ngati sipika ija ndinkaiyamikira mu Epulo ikadali moyo, poti nawonso akufuna kugulira kwaya ya ana kumpingo kwawo. Funsoli linandipeza ndikuchokera kwa wokonza mawailesi ku Limbe, lisiti la K70,000 lili m'chikwama. Ndinamuuza kuti adikire ndilembe bwinobwino, chifukwa zija ndinanena nthawi imeneyo ndinali nditangoigwiritsa ntchito masabata atatu okha.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 7, ndipo amapita ku gulu la zisudzo la ana kuno ku Chilomoni. Ana alipo 16. Amawaphunzitsa ndi mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ali kusekondale ankapikisana nawo pa mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi. Ife makolo timagwira zotsalazo: kusoka zovala, kunyamula mabenchi, kuphika phala loti ana amwe Loweruka akamaliza kuyeserera. Ine ndine msungichuma, ndiye sipikayi inagulidwa ndi dzanja langa mu Malichi. Makolo tinasonkha K200,000, ndipo K120,000 yotsalayo ndinabwereka ku banki m'khonde. Ndi sipika ija ya matayala, ya mainchesi 12, yobwera ndi mamaiki awiri opanda nthambo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja mtengo wake sukhala pamodzi, ndiye titaumva mtengowo tinathamangira usanakwere.

Zimene zikuyenda bwino ndi izi. Mawu ake ndi oyera, nyimbo za pa fulashi zimagunda mpaka kumbuyo kwa holo. Bluetooth imalumikiza msanga. Matayala apirira miyala ya m'misewu ya kwathu kuno, ngakhale chokokera chayamba kugwedera. Mawatsi 5,000 olembedwa pa katoni aja musawawerengere. Ndi nambala ya PMPO, mphamvu ya kamphindi chabe, yongokopera ogula; mphamvu yeniyeni ndi ya RMS, imene sipika imatha kulira nayo mosalekeza, ndipo imakhala yochepa kutalitali. Komabe holo ya anthu 200 imaikwanitsa. Mamaiki amadya mabatire a AA, ndipo mwana akaima nayo kutsogolo kwa sipika imalira tswii, koma zimenezo ana anazolowera msanga.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi batire la mkati. Mwezi woyamba linkakhala maola asanu. Pofika Julayi linkatha patangodutsa maola awiri, mu Ogasiti ola limodzi lokha. Ndinaikoka sipikayo mpaka kusitolo, lisiti lili m'manja, pomwe analemba ndi bolopeni kuti warranty ndi miyezi 6. Mnyamata wa pakauntala sanaiyatse n'komwe. Anangoti, "Mayi, batire silikhala pa warranty. Mwina mumatchaja udyo." Ndinamufunsa kuti zimenezo zalembedwa pati, iye n'kuti, "Abwana kulibe, mubwere Lachisanu." Ndinapita Lachisanu, abwana ali ku Lilongwe. Ndinapitanso sabata yotsatira, ati angotuluka kumene. Maulendo atatu, ndipo pa minibasi sipika imalipira mpando wake. Miyezi 6 ija inatha mu Sepitembala ndikungoyendera.

Kenako linafika la 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Ana anali atakonzekera kwa miyezi iwiri sewero la mtsikana amene amalume ake akufuna kumusiyitsa sukulu kuti akwatiwe. Mwana wanga anali gogo wa mtsikanayo: duku kumutu, ufa woyera patsitsi lotulukira m'mbali, ndodo ya nsungwi, chitenje changa chakale. Magetsi anathima usiku ndipo kunacha asanayake, ndiye sipika inalowa m'holo ndi moto womwe inali nawo. Kunja kukutentha, malata akuthetheka, amayi adzaza mabenchi onse, ena akhala pazitenje kutsogolo. Ine ndinagwada pambali pa sipika, maso ali pa kanyale kake. Sewero litafika pakati kanyale kanafiira. Ndinachepetsa voliyumu, ndinazimitsa timagetsi take tamitundumitundu tija, ndikupemphera chamumtima kuti ingopirira mphindi 15.

Inathima pamene gogo akudzuka kuti ayankhe amalume, pamutu penipeni pa sewero. Zii. Mwana wanga anamenya maiki ndi chala kawiri, n'kundiyang'ana, milomo ikunjenjemera. Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Kumbuyo anyamata anayamba kuseka. Aphunzitsi aja, ali kuseri kwa nsalu, anangonena motsitsa kuti, "Agogo, ponyani mawu." Mwanayo anaika maiki pamwamba pa mtondo umene unali pasiteji, anagwira ndodo ndi manja onse awiri, anaponda kutsogolo, n'kulankhula kuchokera m'mimba monga amawaphunzitsira. Holo yonse inakhala chete kuti imve. Anzakenso anasiya maiki inayo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona amalume akuloza ndi manja onse, mtsikana akulira atagwira kumaso, osati atagwira chitsulo pakamwa. Atamaliza, nthungululu zake amayi ena anaimirira n'kukamufupa gogoyo.

Aphunzitsiwo kuyambira pachiyambi sankafuna mamaiki. Ankati maiki ya m'manja ndi ya mlaliki ndi woimba, wa zisudzo manja ake ali ndi ntchito. Ine ndi amene ndinkakakamira. Tsiku limenelo ndinakumbukira ndili mtsikana, bambo anga akutitenga Lamlungu masana kupita ku French Cultural Centre, kumene pano timati Blantyre Cultural Centre, kukaonera gulu la zisudzo la Wakhumbata la malemu Du Chisiza Jr. kapena la Kwathu. Tinkakhala pamasitepe a pabwalo paja, ndipo chimene chinkatigwira chinali thupi lonse la wosewerayo, kayendedwe ndi kaponyedwe ka mawu. Chiyambire Okutobala ana athu amasewera popanda maiki. Sipika yatsala ya nyimbo, kulira kwa tambala, bingu, ndi wolengeza pulogalamu.

Titatuluka m'holo tinawatengera ana onse ku lesitilanti ina yapafupi, monga tinawalonjezera. Tchipisi ndi nkhuku, ena nsima ya chambo, bilu tinagawana makolo asanu. Ine chakudya sichinkatsika, mtima unali pa ngongole ya banki m'khonde ndi chinthu chakufa chimene ndinachiimika pakona. Mukanandifunsa madzulo amenewo ndikanati musayerekeze kugula. Mwini lesitilantiyo, mayi wochezeka kwambiri, anaiona n'kufunsa ngati imalira ikalumikizidwa kumagetsi. Tinaiyesa pomwepo, iwo ali ndi jenereta, ndipo inalira bwino lomwe. Kuyambira pamenepo aibwereka katatu, pa bridal shower kawiri ndi phwando la tsiku lobadwa, K25,000 ulendo uliwonse. Amabwera kudzaitenga okha ndi kuibweza itapukutidwa. Ndalama imeneyo ndi imene ndapita nayo kwa wokonza.

Wokonzayo, bambo wachikulire wa kabenchi kodzaza mawaya, anaitsegula ine ndikuona. Mkati muli batire la lead-acid la 12V 7Ah, longa lija la mu UPS, kabokosi kosungira moto wa kompyuta magetsi akathima. Anandifotokozera kuti batire la mtundu umenewu silifuna kuphwetsedwa mpaka kutheratu, silifuna kukhala masiku ambiri lopanda moto, ndiponso kutentha kumalifupikitsa moyo. Apa mbali ina ndi yathu, ndivomere: tinkailiza Loweruka mpaka ithime yokha, n'kuitsekera m'kachipinda ka malata mpaka Lachisanu. Palibe anatiuza, ndipo kapepala ka m'katoni sikanena zimenezi. Koma anandionetsanso deti losindikizidwa pa batirelo. Linapangidwa zaka ziwiri ndisanaigule. "Mayi, ili linayamba kufa lili m'sitolo," anatero. Latsopano K55,000, ntchito yake K15,000. Dzulo madzulo yalira maola anayi kanyale kakadali kobiriwira, ndipo mtima wanga watsikako.

Ndiye achemwali a ku Zomba, kwa kwaya ikuthandizani, chifukwa oimba maiki ya m'manja ndi yawo. Koma pa mtengo umene akuuzeniwo muwonjezerepo ya batire lina chaka chisanathe, muziitchaja tsiku lomwelo mwaigwiritsa ntchito, ndipo muziisunga pozizira. Musanapereke ndalama, auzeni alembe pa lisiti kuti warranty ikukhudzanso batire. Akakana, tulukani. Sitolo imene ndinagula ine sindingakutumizeniko. Ife yatidyera K390,000, osawerengera minibasi, ndipo ngongole ya banki m'khonde ndamaliza mwezi wathawu ndi chiwongoladzanja chake.

Bambo a kunyumba akuti nkhaniyi tikaitule ku Competition and Fair Trading Commission, kumene amalandira madandaulo a ogula. Ndayamba ndalembera kalata mwini sitoloyo, kupempha K55,000 ya batire yokha basi, ndipo ndaikamo chithunzi cha deti lija ndi cha lisiti. Batire lakalelo ndalisunga m'katoni pansi pa bedi. Mnyamata wa pakauntala walandira kalatayo, ndipo ulendo uno ndamuuza asaine pa kope langa ndi kulemba tsiku. Akuti abwana ayankha Lachisanu. Akapanda kuyankha, Lolemba ndikupita ku bungwe lija.