Webhook ya Discord yandipeputsira ntchito ya ligi yathu

Aliyense amene anayendetsapo ligi ya mipikisano ya magalimoto pa gemu ya pakompyuta ya Assetto Corsa Competizione akudziwa kuti chotopetsa si kuthamanga pa mabwalo a mipikisano a Monza kapena Spa-Francorchamps, koma kukumbutsa anthu sabata iliyonse za nthawi ya mpikisano ndi kulengeza mapointi ukatha. Ntchito imeneyi ndinaisiyira webhook ya Discord (pulogalamu yochezerana pa intaneti), womwe ndi ulalo wolola pulogalamu ina kutumiza uthenga m'tchanelo yokha, ndipo ndikuiyamikira ndi mtima wonse.

Kuikonza sikuvuta. Mumalowa m'gawo la Integrations pa seva yanu ya Discord (malo a gulu lanu), n'kupanga webhook ya tchanelo cha zilengezo, kenako mumatenga ulalo wake n'kuuika mu Google Apps Script (chida cha Google cholembera timapulogalamu) yolumikizidwa ndi Google Sheets momwe mumasungira mapointi, ndipo uthenga umatuluka wokha pa ola limene munasankha.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi kalembedwe ka nthawi. Mukailemba m'manambala a Unix (masekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970), Discord imaonetsa munthu aliyense nthawi ya kwawo, moti mnzathu wa ku Johannesburg amaona 20:00 pamene wa ku London amaona 18:00 m'nyengo yozizira ya ku London, popanda wina kuwerengera pa zala. Kuchokera pamenepo palibenso amene amafika mpikisano utayamba kale chifukwa chosokoneza maola.

Malire ake alipo. Uthenga umodzi sungapitirire zilembo 2,000, choncho mndandanda wautali wa mapointi muyenera kuugawa pawiri. Komanso ulalo wa webhook muusunge mwachinsinsi, chifukwa aliyense amene waupeza angathe kulemba m'tchanelo chanu ngati kuti ndi oyang'anira ligi.