Bleak House: muligule chifukwa cha Miss Flite

Buku la Charles Dickens ili ndi lonenepa, lili ndi mitu 67, ndipo Chingerezi chake n'chakale moti masamba oyambirira amafuna kupirira. Linkatuluka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuyambira 1852 mpaka 1853, n'chifukwa chake nkhani imakhotakhota. Pogula sankhani kope lokhala ndi ndemanga kumapeto, chifukwa ndemangazo ndi zimene zinandithandiza kumvetsa kayendedwe ka khoti la Chancery ku London, lomwe linkaweruza milandu monga ya chuma cha masiye.

Ambiri amalitama chifukwa cha mlandu wa Jarndyce and Jarndyce, wolimbirana chuma cha masiye, umene unakoka zaka zambirimbiri mpaka chuma chonsecho chinathera pa ndalama zoyendetsera mlanduwo. Ine chimene chandigwira mtima ndi akazi. Woweruza, maloya, alembi, onse ndi amuna, poti ku England mkazi analoledwa kukhala loya pambuyo pa lamulo la 1919. Koma osenza ululu wa mlandu ambiri ndi akazi.

Miss Flite ndi gogo wosokonekera mutu amene amapita kukhoti tsiku lililonse atanyamula kachikwama ka mapepala, kudikira chigamulo. Khoti lomweli linawononga bambo ake, mchimwene wake ndi mchemwali wake. M'kachipinda kake amaweta mbalame m'zikwere, ina dzina lake Chiyembekezo, ina Unyamata, ina Phulusa, ina Misala, ndipo akuti adzazimasula tsiku la chigamulo. Anthu amamuseka, koma iyeyo ndi amene akuchenjeza kuti khotilo limakoka munthu ndi kumuyamwa mtendere. Mutu umene akufotokoza za banja lake ndinauwerenga misozi ikulengeza.

Ada, mtsikana amene akuyembekezera gawo la chuma cha mlanduwu, naye akwatiwa mobisa ndi Richard Carstone, mnzake pa mlandu womwewo, kachuma kake n'kuthera pa mlandu ndi kwa loya Vholes, kenako n'kutsala wamasiye ndi khanda. Nthawi imeneyo katundu wa mkazi wokwatiwa kawirikawiri ankakhala m'manja mwa mwamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 anasintha zinthu. Lady Dedlock, mkazi wa bwana wolemera, akusakidwa ndi loya wa banja lake lomwe, Tulkinghorn, chifukwa cha mwana amene anabereka asanakwatiwe, ndipo akufera pachipata cha manda a anthu osauka.

Pamene ndakhumudwa ndi pa Esther Summerson, mtsikana woyang'anira nyumba yotchedwa Bleak House. Dickens anamupatsa pafupifupi theka la buku kuti afotokoze yekha, n'kumuchititsa kudzichepetsa mosalekeza, makiyi a nyumba ali m'manja. Mkazi wotanganidwa ndi za kunja kwa khomo, monga Mrs Jellyby ndi ntchito yake yothandiza anthu a ku Africa, amasandutsidwa choseketsa, ana ake ali ndi litsiro. Wolemba amene anaona bwino chonchi mmene lamulo limapsinjira akazi sanafune kuti mkazi aliyense alitsutse poyera. Zimenezi zimandiwawa.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa kuti muliwerenge. Mitu yandale ya banja la Dedlock mungaidutse mwachangu, koma ya Miss Flite musadumphe ngakhale mzere umodzi.