Kosi ya vipassana (njira yosinkhasinkha mwakachetechete) ya masiku 10, maganizo anga

Ndinapitako kufuna mtendere wa mumtima koma abale ndikuuzeni zoona. Kudzuka 4 koloko mmawa, maola pafupifupi 10 patsiku uli phee maso otseka, osayankhula ndi munthu, foni amasunga oyendetsa kosiyo. Masiku oyamba zinali bhobho, malo aukhondo, chakudya chabwino. Koma pofika tsiku la 6 tulo tinathawa, mtima kugunda ngati ndathamanga, zakale zomwe ndinaziiwala zonse kubwerera, mpaka ndinkaona ngati thupili si langa. Nditauza aphunzitsi anangoti pitirizani zidutsa, apa ndiye anandikhumudwitsa kwambiri chifukwa munthu akamanjenjemera amafunika kumumvetsera. Ndinatha miyezi iwiri ndisanabwerere mwakale. Amene munadwalapo dipuleshoni kapena muli ndi mabala a mumtima, chonde yambani mwaonana ndi dokotala musanalembetse.