Ulendowu ndaupatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri ndi za dalaivala

Ine ndi amuna anga tinapita nawo pa ulendo wa pa basi wa masiku 7 wa ku nyanja ya Garda, ku Italy, uja amati ukalipira kamodzi zonse zili momwemo. Mtengo wake sunali wamasewera. Chimene chinatikopa chinali tsiku lokalawa vinyo ku Bardolino, tauni ya m'mbali mwa nyanjayi, ndipo za tsiku limenelo n'zimene zandilembetsa.

Pa ndondomeko analemba kuti kumunda wa mphesa tikakhala maola awiri. Titangodya nkhomaliro tinanyamuka bwinobwino, koma mayi wotsogolera gulu anaimitsa basi pa sitolo ina ya zikwama ndi malamba achikopa, imene papepala panalibe. Anati mphindi 15 zokha. Ola linakwana, n'kupitirira. Ogula anagula n'kubwerera m'basi, iwo akadali m'kati kuseka ndi mwini sitolo. Atatuluka ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Mayi, nanga ku vinyo kuja tikafika nthawi yanji?" Anayankha maso ali pa foni, akuti gulu ndi lalikulu, sangasangalatse aliyense. Mawu amenewa amandiwawabe. Ife sitinapemphe zapadera, tinkafuna zimene tinalipira.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwini munda, bambo wachikulire, anali atayala kale matebulo, aliyense magalasi ake, buledi ndi mafuta a azitona a komweko. Asanamalize n'kutilonjera komwe, mayi aja analengeza kuti tili ndi theka la ola chifukwa ku hotela chakudya sichidikira, kenako anakaima pakhomo n'kumaloza wotchi. Amuna anga amayendera ndodo. Pamene ankamaliza kutsika masitepe a kunsi kumene amasungira migolo, anzathu anali akukwera kale. Ndinawaona atayima pakati pa masitepe, osadziwa kuti atsike kapena abwerere, ndipo misozi inalengeza.

Apa ndi pamene dalaivala analowa. Sanakweze mawu. Anawakokera mayi aja pambali, n'kutiuza tonse kuti waimbira kale ku hotela ndipo chakudya atisungira, aliyense akhale pansi. Kenako anawagwira mkono amuna anga n'kutsika nawo, kuti nawonso aone migolo.

Zitatero mtima unatsika, ndipo ndivomereze kuti zimene tinalawa zinali zoyenera ndalama zathu. Tinayamba ndi Lugana, vinyo woyera wa kum'mwera kwa nyanjayi, wochokera ku mphesa za Turbiana. Kenako Chiaretto, wofiirira pang'ono ngati duwa. Bambo aja anafotokoza kuti amapangidwa ndi mphesa zakuda zomwezo za vinyo wofiira, kungoti makoko ake amawachotsa msanga m'madzi a mphesa asanathe kuudetsa. Bardolino weniweniyo, wa mphesa za Corvina ndi Rondinella, ndi wopepuka, sakulemera pa lilime, ndipo anatipatsa wozizirira pang'ono. Ine ndinkadziwa kuti vinyo wofiira sauziziritsa, koma ameneyu amakoma choncho. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mphesa zomwezi, ku Valpolicella pafupi pomwepo, amaziyanika miyezi ingapo n'kupanga Amarone, vinyo wamphamvu wosiyaniranatu ndi ameneyu. Funso lililonse ankaliyankha modekha, ndipo sanatikakamize kugula. Tinagula mabotolo atatu mwa kufuna kwathu.

Masiku enawo analibe vuto lalikulu. Ku Sirmione basi siilowa m'tauni yakale, ndiye konzekerani kuyenda wapansi kukafika pa mlatho wa nyumba ya mpanda ya Scaligero. Kukafika ku mabwinja a nyumba ya Aroma, Grotte di Catullo, kumapeto kwa ndomo, ndi mtunda ndithu, ndipo nthawi imene anatipatsa siinatikwanire. Ku Malcesine tinakwera kangolo ka pa chingwe kopita pa phiri la Monte Baldo, kaja kamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone nyanja. Mzere wa matikiti unali wautali, koma kumwambako munthu umayiwala. Tengani juzi, kumazizira. Hotela inali yaukhondo, basi yabwino, mipando yosapweteka msana.

Mayi aja sanapepese, ngakhale tsiku lotsanzikana. Mbiri ya malo amaidziwa, zimenezo sindingawalande, ndipo ku Verona anatifotokozera bwino za bwalo lakale la Arena. Koma ndalemba kalata ku kampani yokhudza sitolo ija, ndipo masabata atatu adutsa osayankhidwa. Ngati mukusungitsa malo, funsani kaye kuti wotsogolera gulu lanu ndi ndani, ndipo auzeni alembe kuti kumunda wa mphesa mukafika nthawi yanji. Envulopu ya zikomo imene gulu linasonkha tinaipereka yonse kwa dalaivala.