F12 ya Steam, Game Bar kapena Win+PrtScn: zithunzi za gemu zisungidwe kuti?

Anzanga a ku Chikanda ndi ku Matawale amene mumasewera Euro Truck Simulator 2 ndi eFootball pa laputopu, kujambula sikuvuta, chimavuta ndi kupeza chithunzicho mukafuna kuchiponya pa gulu la WhatsApp. Njira zake n'zitatu, ndipo iliyonse ili ndi kwake kosungira.

Ya Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu, mumadina F12, koma kumene imaika zithunzi ndi kutali. Muyenera kulowa mu Program Files (x86), Steam, userdata, kenako foda ya nambala ya akaunti yanu, 760, remote, nambala ya gemu, pomaliza screenshots. Dzina la gemu simuliona paliponse. Ya Euro Truck Simulator 2 yangolembedwa 227300 basi. Ndiye ngati laputopu mukubwerekana ndi mnzanu wa chipinda chimodzi, aliyense ndi akaunti yake, mumangotsegula mafoda mwachimbulimbuli. Zithunzinso zimakhala za JPG zofinyidwa, zilembo zing'onozing'ono za pa dashibodi zimaoneka zofufutika. Chabwino chake n'chakuti mu Settings, pa In Game, mutha kuuza Steam kuti izisunga kope lina mu foda yomwe mwasankha nokha, ndipo kopelo limakhala la PNG, loyera bwino.

Game Bar, yomwe imabwera kale ndi Windows 10 ndi 11, imajambula mukadina Win+Alt+PrtScn. Imasunga mu Videos, foda ya Captures. Ambiri amasochera pomwepa chifukwa amakayang'ana ku Pictures. Ine ndimaikonda chifukwa dzina la fayilo limayamba ndi dzina la gemu, kutsatira tsiku ndi nthawi. Imagwiranso pa magemu omwe sanachokere ku Steam, ngati aja timapatsana pa fulashi.

Win+PrtScn imasunga mu Pictures, foda ya Screenshots, kusakaniza zamasewera ndi zakusukulu. Magemu ena akadzaza sikirini yonse imatulutsa chithunzi chakuda bii. Ndipo ngati OneDrive, pulogalamu yosunga mafayilo pa intaneti, ikusunga Pictures, chithunzi chilichonse chimakwera pa intaneti, bando yanu n'kumatha inu osadziwa.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: zonse zitatuzi, mukapanda kusintha, zimasunga pa C, gawo la disiki pomwe pamakhala Windows. Tsiku limene Windows yakana kuyaka n'kupita nayo kwa okonza makompyuta m'tauni, amafomata C, zithunzi za ulendo wanu wonse n'kupita. Choncho pangani foda pa D, gawo lina la disiki, ngati laputopu yanu ili nayo. Dinani batani lakumanja la mausi pa Captures, sankhani Properties, Location, kenako Move, n'kuiloza ku fodayo. Screenshots imasamukanso chimodzimodzi, ndipo kope la Steam lilozeni komweko.

Kwa ine Game Bar ndiyo ya tsiku ndi tsiku. F12 ndimaisiyira zithunzi zomwe ndikufuna kuika pa mbiri yanga ya Steam kuti anzanga a kumeneko aone.