Torre del Oro kapena Giralda: mukwere iti mukafika ku Seville?

Mumzinda wa Seville, kumwera kwa Spain, muli nsanja ziwiri zakale zimene mlendo aliyense amauzidwa kuti akwere. Zonse zinamangidwa mu ulamuliro wa Asilamu a ufumu wa Almohad, ndipo kuchoka pa ina kukafika pa inzake ndi mtunda wa mphindi 10 wapansi. Ine ndinakwera zonse tsiku limodzi, Giralda m'mawa, Torre del Oro chakumadzulo. Ambiri amene ali ndi theka la tsiku amathamangira Giralda, inayo n'kungoijambula ali panja. Sindiwadzudzula, koma pali china chimene amaphonya.

Pa nkhani ya kutalika palibe mpikisano. Giralda imadutsa mamita 100 mukawerengera chifaniziro cha pamwamba pake chotchedwa Giraldillo, pomwe Torre del Oro ndi mamita 36 okha, ndipo alendo sakwera n'kufika pansonga pake. Amalekezera pakhonde la chigawo choyamba. Giralda inamalizidwa mu 1198 ngati nsanja ya mzikiti waukulu yoitanirapo anthu ku mapemphero, ndipo gawo la mabelu linawonjezedwa ndi Akhristu, n'kumalizidwa mu 1568. Mkati mwake mulibe masitepe ambiri. Muli njira zotsetsereka zoposa 30 zozungulira khoma, zotakasuka moti amati munthu ankakwera ali pa hatchi. Kwa agogo kapena wa vuto la mawondo, zimenezi n'zopepukirako kusiyana ndi masitepe opanikiza a Torre del Oro. Mukafika pamwamba, mzinda wonse uli pansi panu: madenga, minda ya nyumba yachifumu ya Alcázar, mitengo ya malalanje ya pabwalo la tchalitchi.

Vuto la Giralda ndi anthu. Simungaikwere payokha, tikiti yake ndi imodzi ndi ya tchalitchi chachikulu cha Seville, chimene muli manda a Christopher Columbus. Ngati simunagule tikiti pa intaneti, mzere ukudikirani padzuwa. Pamwambapo ndinadikira nthawi kuti ndipeze mpata pazenera, ndipo nditangosuzumira wina anali kale paphewa panga ndi foni m'manja. Ndinaona zambiri, koma ndinalibe nthawi yoziyang'anitsitsa.

Torre del Oro ndi ina. Inamangidwa mu 1220 ndi 1221 m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Guadalquivir, ili ndi mbali 12, ndipo ntchito yake inali yolondera doko. Ndalama yolowera ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya Giralda, mzere wake sunali wodandaulitsa. Dzina lake limatanthauza Nsanja ya Golide. Ena ankati muli golide wochokera ku America, ena ankati inakutidwa ndi matailosi onyezimira, koma pokonzanso nsanjayi mu 2005 anapeza kuti kuwalako kunkachokera ku pulasitala wa laimu wosakaniza ndi udzu. Kansanja kakang'ono ka pamwamba kanawonjezedwa mu 1760, chivomezi cha ku Lisbon cha mu 1755 chitaiwononga.

Mkati mwa Torre del Oro muli malo osungirako zinthu zakale zapanyanja, m'zipinda ziwiri zozungulira, china pansi china pamwamba. Musayembekezere zazikulu, mu mphindi 40 mwamaliza. Muli tizombo tosema mwaluso, mapu akale, makampasi, zithunzi za akuluakulu a zombo zankhondo ndi zojambula za doko la Seville mmene linalili. Ine ndinaima nthawi yaitali pa kachombo ka Victoria. Zombo zisanu za Ferdinand Magellan zinanyamuka pa mtsinje womwewu pa 10 Ogasiti 1519, ndipo pa 8 Seputembala 1522 chinabwerako chimodzi chokha, Victoria, chili ndi amuna 18 motsogozedwa ndi Juan Sebastián Elcano, chitazungulira dziko lonse. Ndinayang'ana kakulidwe kake, kuchepa kwa malo amene anthuwo ankakhalamo zaka zitatu, kenaka ndinakwera pakhonde n'kuona madzi enieniwo akutsetsereka mwakachetechete kulowera ku Sanlúcar de Barrameda, kumene mtsinjewu umathirira m'nyanja. Thupi linandiyenda tsemwe.

Apa ndi pamene Giralda singafikepo. Muli pamwamba pake mtsinje umangooneka ngati kamzere patali, ndipo mutha kubwerera kwanu osadziwa kuti Seville, ngakhale ili makilomita pafupifupi 80 kuchokera kunyanja, inali doko limene malonda onse a Spain ndi America ankadzera kuyambira 1503 mpaka ofesi yoyang'anira malondawo itasamutsidwira ku Cádiz mu 1717. Pakhonde la Torre del Oro mumaima pomwe mlonda ankaima. Tsidya linalo ndi Triana, dera la amalinyero ndi oumba mbiya. Chakumtunda pang'ono ndi pomwe panali mlatho wa mabwato omangidwa ndi maunyolo, umene zombo za Ramón de Bonifaz, mkulu wa zombo za mfumu yachikhristu Ferdinand III, zinauthyola mu 1248, mzindawo usanagwe m'manja mwa mfumuyo chaka chomwecho. Mpaka lero chizindikiro cha mzinda wa Santander, kumpoto kwa dzikolo, kumene ena mwa amalinyero a Bonifaz anachokera, chili ndi nsanja imeneyi, chombo ndi unyolo woduka.

Palinso maboti onyamula alendo amene amanyamukira m'munsi mwa nsanjayi, ulendo wa ola limodzi. Ndi abwino kwa otopa miyendo, koma sindingawaike m'malo mwa nsanja iliyonse.

Ndiye mukwere iti? Ngati mukufuna chithunzi cha mzinda wonse ndipo mwagula kale tikiti, pitani ku Giralda akangotsegula. Ngati muli ndi ana, thumba lili lopepuka, kapena mtima wanu uli pa nkhani za zombo, Torre del Oro ikukwanirani. Ine nditabwererako ndi ola limodzi lokha, ndingalunjike kumtsinje. Chenjerani ndi Julayi ndi Ogasiti, kumatentha mpaka madigiri 40 ndipo pakhondepo palibe mthunzi. Nyamulani madzi, ndipo muonetsetse nthawi yotsekera, chifukwa Torre del Oro imatsekedwa dzuwa la chilimwe lisanalowe.